Nyumba Imene Apongozi Anakana Kulowa

Amuna anga anagula khoti lakale kutsidya kwa Shire, pamsewu wopita ku Makanjira, boma litamanga lina latsopano. Ine ndinaikonda nyumbayo tsiku loyamba lomwe. Makoma ake anali a njerwa zootcha, okhuthala moti mu Okutobala, Mangochi akamawotcha ngati ng'anjo, mkatimo munkazizira bwino. Khonde linali lotakata, la zipilala zoyera, zitseko zake za mlombwa. Pabalaza panali nsanja ya simenti pamene woweruza ankakhala, ndipo ana athu ankavinirapo.

Cholinga cha amuna anga chinali choti amayi awo, omwe ankakhala okha ku Katuli, adzakalambire pabwino. Tsiku limene anabwera nawo, apongozi anatsika lole, nayang'ana khondelo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango.

"Amayi, tiyeni mkati," anatero amuna anga.

"Umu ayi, mwanangu. Bambo ako anawaweruzira muno, iwe uli kumsana. Ankati aba khoka la asodzi. Ine ndinaima pachipilala icho. Atatuluka kundende anali akutsokomola, sanaonenso mvula ina."

Amuna anga ankadziwa kuti bambo awo anamangidwapo, koma malo ake sanauzidwepo.

Apongozi anasankha kugona m'khitchini ya panja. Kusamba, kudya, kuswali, zonse ankachitira konko. Amuna anga anaganiza kuti nyumbayo ikasintha nkhope, amayi alowa. Anaitana amisiri. Anaphwanya nsanja ija, anazula zitsulo pazenera la kachipinda kotsekeramo anthu, anagwetsa zipilala n'kumanga khoma pakhonde. Zitseko za mlombwa zinapita kwa kalipentala, m'malo mwake munalowa zachitsulo. Njerwa zofiira zija anazimata pulasitala, n'kupaka penti wobiriwira.

Ntchito itatha ndinapita kukawatenga.

"Amayi, bwerani muone. Si khoti ayi tsopano."

Anandigwira dzanja, akumwetulira. "Mwavutika, mwanangu. Koma dothi lake ndi lomwelo."

Anamwalirira m'khitchini momwemo, Ramadani itangotha. Maliro tinakhuzira panja.

Tikukhalabe m'nyumbayi. Masiku ano imatentha, chifukwa mphepo ya kumtsinje ilibe polowera. Anthu achikulire akamadutsa amafunsa kuti khoti lija linapita kuti, ndipo amuna anga amangoloza msewu wa ku boma, kumene kuli khoti latsopano.