Mbale zimene simunadye ku Japan

Bambo a Tadala, foni yandionetsa chithunzi cha zaka ziwiri zapitazo ndili m'basi ya ku Mirrabooka, mpaka ndapitirira siteji yanga. Pachithunzipo tili ku Japan, m'nyumba ya alendo yachikale ija, yogona pansi, yomwe chakudya amabweretsa kuchipinda. Munatenga tchuthi kumgodi mwadzidzidzi, ine osafunsa chifukwa. Mayi wotitumikira anagwada n'kuyala timbale tambirimbiri: nsomba yaiwisi, msuzi, mpunga, timasamba. Tinali titamva kale kuti kumeneko kusiya chakudya n'kukhumudwitsa wophika. Inu munangogwira timitengo todyera tija, osalawa kanthu. Mayiyo atabweranso anayang'ana mbale zanu n'kufunsa mwaulemu ngati alakwitsa penapake. Ine ndinapsa mtima. "Mwandikokera ulendo wonsewu kudzandichititsa manyazi? Ndikudyetseni ngati mwana?" Munati, "Mayi a Tadala, tsitsani mawu, makomawa ndi apepala." Ndinati amve onse, lero munene chimene mukubisa, kaya ndi mkazi wina. Munadikira kuti mayiyo atseke chitseko, kenako munati, "Chakudya sichikudutsa pakhosi. Kuchipatala cha kwathu ku Nedlands anandipeza ndi khansa mwezi watha. Ndimafuna muone kaye malo ano musanadziwe."

Sindinapepese, mumandidziwa. Ndinakoka mbale zanu n'kudya zonse, nsomba yaiwisi yomwe, misozi ikugwera mumpunga, inu mukungondiyang'ana. Patangotha miyezi isanu munatisiya. Ndimakusowani tsiku lililonse, koma mkwiyo sunathe ayi. Mwezi wathunthu munausenza nokha katundu ameneyu, ine mkazi wanu ndili pambali panu pomwepo.