Achimwene tinawasiya m'dothi la eni

Ndinadzuka kunja kusanache, mvula ikumenya malata. Kunena zoona sindinagone. Ndinangotsamira khoma m'chipinda momwe munali alamu anga, mkazi wa malemu, pakati pa amayi amene anachezera nafe pa maliropo. Nyimbo zinali zitazilala. Amayi angapo a mvano ndiwo ankang'ung'udzabe pansipansi, ena onse atadzipinda m'mabulangete. Panja, mu tenti imene inatseka kamsewu kathu ku Joe Slovo Park, amuna ankatsokomola atazungulira mbaula.

Amene tinkawalira anali achimwene anga aakulu. Ndiwo ananditenga ku Ntcheu kubwera nane kuno ku Cape Town, nandipezera ntchito ya m'nyumba ku Table View, komwe iwo ankasamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi a anthu. Ndinkakhala m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yawo. Anagwa m'mawa wina akukweza makina otchetchera kapinga pa pikapu, ndipo pofika ku chipatala anali atatisiya. Munthu woti dzulo lake anadya nafe bwinobwino, akuseka.

Nditapita kukhitchini ndinapeza Pilirani atadzuka kale. Ameneyu ndi mwana woyamba wa achimwene, wa kwa mkazi wawo woyamba amene anamwalira kalekale. Anakulira konkuno, anaphunzira mpaka kukhala loya. Anali atavala zakuda zosita bwino, foni ili kukhutu, akulankhula Chingelezi ndi eni galimoto ya maliro. Maso ake anali ouma. Chimwalirire bambo ake ndinali ndisanamuonepo akugwetsa msozi, ndipo sindine ndekha amene ndinaona zimenezo.

Kumayambiriro kwa chaka chomwecho Pilirani anasiya ntchito yabwino pa kampani yaikulu ya maloya m'tauni. Anakabwereka kachipinda pamwamba pa sitolo ina ku Table View, nagula tebulo ndi mipando yakale, n'kulembetsa dzina lake pa chitseko. Anati akufuna kugwira yekha, azilembera anthu mawilu ndi kuwathandiza kukonzeratu za chuma chimene adzasiye akadzamwalira. Anati anthu akwathu amavutika kuno, mwamuna akafa mkazi ndi ana amatsala manja ali m'khosi. Kutchalitchi anthu anamuyamikira ndi pakamwa pokha, koma ku ofesiko sanapiteko. Ambiri a ife timaona ngati kulemba wilu n'kuitana imfa. Munthu woyamba kukwera masitepe amenewo anali bambo ake. Nyengo yozizira isanathe, bambo akewo anali m'bokosi.

Ndiye m'wilu imene anakalemba kumeneko achimwene anati adzaikidwe konkuno. Ife timadziwa kuti Mmalawi akafera kuno, anthu amasonkha, thupi limakwera ulendo wa kumudzi. Achimwene omwewo ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kutolera za maliro a anzawo. Kumudzi kuli manda a mayi athu, ndipo pambali pake pali malo. Sindinawamvepo ngakhale kamodzi akunena kuti safuna kukagona kumeneko. Ndinamva kwa Pilirani, iwo atatseka kale maso.

Kutayamba kuyera tinakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zake zinali matabwa a mapaleti, onyowa, ndipo utsi unkangokwawa pansi pa lona amene tinamanga. Tinatereka mpunga, sampu, chimanga chokonola chija amakonda abale a alamu anga, kabichi ndi nkhuku. Alamu angawo ndi Mxhosa, choncho pamoto panali zinenero ziwiri. Amayi akwathu akafuna kunena zawo ankatsitsa mawu n'kuyandikira kwa ine. Mmodzi amene amaluka tsitsi ku Dunoon anati bizinesi yatsopano siimangoyima yokha, pamakhala chimene munthu waponda. Wina anati ophunzira ndiwo amakhwima kwambiri masiku ano. Ine sindinawaletse. Ndinkangodula kabichi, maso ali pa zenera la kukhitchini pomwe mutu wa Pilirani unkadutsadutsa.

Anthu anayamba kufika mvula isanakate. Mateksi anatsitsa a ku Dunoon, kenako a ku Hout Bay amene ankagwira ntchito ndi achimwene zaka zoyambirira, ena atavala majekete a kudoko. Kunabwera a ku Zimbabwe aja makolo awo anachokera kwathu, opepesa m'Chichewa chosakaniza. Mayi wina wachizungu amene achimwene ankamusamalira maluwa anaima pa geti ndi ambulera, osadziwa kolowera, mpaka Pilirani anapita kukamutenga. Ndinaona momwe anamugwirira mkono, ndinaonanso kuti anacheza nthawi yaitali. Mumtima ndinati kapena ameneyonso akumufuna akhale kasitomala.

Kumudzi kunachokera munthu mmodzi yekha, amalume athu, mlongo wawo wa mayi. Anafika dzulo lake pa basi, miyendo itatupa, atavala jekete lobwereka. Si munthu waukali. Koma mudzi wonse unawatuma kudzafunsa chifukwa chake mwana wawo akuikidwa kutchire ngati wopanda kwawo. M'mawa umenewo anakhala pa mpando pafupi ndi pikapu ya achimwene, akuyang'ana matayala, makina, denga la nyumba. Nawonso sindinawakhulupirire kwenikweni. Tsiku limenelo aliyense ndinkamuona ngati wabwerera chake.

Thupi litafika analilowetsa pabalaza kuti tione nkhope. Achimwene anali ngati agona, kungoti anawapaka ufa wambiri. Pilirani anali patsogolo panga pa mzere. Atafika pa bokosi anawerama, dzanja lake linalowa m'kati mofulumira, n'kutuluka lopanda kanthu. Itafika nthawi yanga ndinagwada ngati ndikulira, ndipo ndinkaliradi, koma dzanja langa linafufuza pambali pa jekete. Ndinakhudza magalasi owerengera a achimwene, aja omanga ndi waya mbali imodzi. Ndinawasiya momwemo. Sanali mankhwala, komabe sindinakhazikike. Ndinkadzifunsa kuti munthu wakufa akawerenga chiyani.

Mwambo wa mapemphero unachitikira mu tenti, madzi akudontha m'mphepete, anthu akusuntha mipando. Abusa analalikira m'Chichewa, mkulu wina akumasulira m'Chixhosa. Ali pakati ndinaona bambo wina wa ku Hout Bay akumukodola Pilirani kuseri kwa tenti. Anayankhulana mitu itagundana, Pilirani akupukusa mutu, kenako anatulutsa foni n'kulemba kanthu. Pambuyo pake kunapitanso mayi uja woluka tsitsi, yemwe uja ankanena pamoto kuti bizinesi siimangoyima yokha. Iyeyo anayang'ana uku ndi uku asanayambe kuyankhula. Sindinamve chimene anakambirana. Ndinangoona kuti pa maliro a bambo ake, anthu akumufunafuna.

Tinanyamuka cha kumasana. Galimoto ya maliro inali patsogolo, pambuyo pake pikapu ya achimwene itanyamula nkhata, kenako mabasi ndi mateksi. Phiri lalikulu lija la Cape Town silinkaoneka, mitambo inali italikwirira lonse. Pamsewu waukulu magalimoto ena ankatidutsa mothamanga, akutiwaza madzi, popanda woima kapena wovula chipewa. M'basi amayi anayamba nyimbo koma siinapite patali. Ine ndinkaganiza za njira ya kumanda kwathu, momwe anthu amasiyira makasu m'munda akaona bokosi likudutsa.

Manda a kuno ndi aakulu ngati mudzi, ndipo tsiku limenelo panali maliro ena angapo, nyimbo zikulowana. Dzenje anakumba ndi makina. Titasuzumira tinapeza pansi pake pali madzi. Amuna anatsikiramo ndi ndowa n'kuyamba kukapa, koma akakapa, madzi ankabwereranso kuchokera mumchenga. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti dothi likumukana. Pilirani anapita kukayankhula ndi woyang'anira manda, ndipo anabweretsa matabwa n'kuyala pansi. Bokosi linatsika pamenepo. Alamu anga anakomoka, ana awo awiri aang'ono atawagwira chitenje. Pilirani anaponya dothi lake, nabwerera m'mbuyo, nayamba kuwerenga ndi maso ngati mabasi onse alipo.

Kunyumba tinasamba m'manja pa geti monga amachitira eni dziko, anthu n'kulandira chakudya. Ambiri atadya anabalalika. Apo m'pamene amalume anaitanitsa abale pabalaza. Anayamba mofatsa. Anati kumudzi akufuna kudziwa za pikapu, makina ndi munda wa ku Ntcheu, ndipo makiyi akhale ndi akuchimuna mpaka nkhani itakambidwa.

Pilirani anagwada powayankha. Anati kuno chuma cha masiye sichigawidwa pabwalo, chimadutsa ku ofesi ya boma yoona zimenezo, ndipo palibe chimene chichoke pakhomopo tsiku limenelo. Anafotokoza zimene bambo ake analemba, popanda kubisa. Pikapu ndi makina zipitirize kugwira ntchito kuti ana aang'ono aja aphunzire. Munda wa kumudzi ukhale wa amene akuulima kale. Ine ndikhalebe m'kanyumba kanga, wina asandichotse. Iye mwini sanatchulidwe pa chilichonse.

Nditamva za kanyumba kanga sindinasangalale. Ndinaona ngati anditseka pakamwa.

Kenako amalume ananena zimene anthu ankanong'ona tsiku lonse.

"Mdzukulu wanga, ofesi watsegula dzana, lero bambo ako tawakwirira m'madzi. Pepala walemba ndiwe, wawerenga ndiwe. Ine ndikanene chiyani kumudzi?"

"Agogo, mukanene kuti analemba okha, pamaso pa mboni ziwiri zosakhala abale athu. Mukafuna ndikutengerani kwa mbonizo mawa."

"Mboni za kuno ine ndizidziwira kuti?"

Amalume anatembenukira kwa ine, chifukwa ine ndinali mlongo wa malemu, wokhala nawo pakhomo limodzi. Ankadikira kuti ndinene kanthu, kaya komuikira kumbuyo mwanayo, kaya komutsutsa. Pilirani nayenso anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Amalume anadzuka movutikira, natenga kachikwama kawo, nati akagona kwa mkulu wa mpingo ku Dunoon. M'nyumba muno, anatero, sagonamonso.

Madzulo eni tenti anabwera kudzaigwetsa. Kamsewu kanatseguka, kanatsala matope ndi mapepala. Amayi omaliza anatsuka mapoto n'kutsanzika. Ana anagona pa sofa osavula nsapato. M'nyumba munangotsala phokoso la filiji ndi madzi odontha m'ndowa pakhonde.

Pilirani ndinamupeza kukhitchini atakhala pa kreti, mbale ya mpunga ili pamiyendo, osaikhudza. Ndinatseka chitseko. Ndinamufunsa kaye za anthu aja ankamukodola kuseri kwa tenti. Anati onse ankafuna kudziwa ngati angabwere ku ofesi popanda wina kuwaona, ndipo iye anawauza kuti lero si tsiku lake, adzaimbe. Kenako ndinafunsa chimene chinandidya tsiku lonse.

"Pilirani, undiuze zoona. Bambo ako anakwera bwanji masitepe aja, munthu wabwinobwino?"

"Sanali bwinobwino, azakhali."

Anayankhula osandiyang'ana. Anati tsiku limene bambo ake anabwera ku ofesi ankachokera ku chipatala. Madokotala anali atawauza kuti mtima wawo watupa ndipo ukhoza kuima nthawi ina iliyonse. Iye poyamba anaganiza kuti abwera kudzamulimbitsa mtima, poti chitsegulire munali musanalowe munthu. Anawapangira tiyi akuseka. Iwo anavula chipewa, nati sanabwere ngati bambo ake, abwera ngati kasitomala, ndipo anamufunsa ngati n'zoona kuti loya saulula zimene wauzidwa. Atavomera, m'pamene anamuuza. Za kuikidwa kuno anati akufuna ana aang'ono aja azitha kufika pa manda awo ndi teksi imodzi.

"Kulira ndinalira nthawi imeneyo, azakhali, ndekha mu ofesi muja. Pano misozi ikukana."

Ndinafuna kumukhulupirira, komanso ndinadziwa kuti woti angatsutse nkhaniyi tamusiya kumanda. Ndili m'maganizo choncho, chitseko chinatseguka. Anali alamu anga, atafunda bulangete, atatsamira mphuthu. Anali atamva zonse. Anapita pa kabati ya pamwamba pa filiji, natulutsa chitini cha tiyi chimene ine ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku, nachitsegula patsogolo panga. Munali mapaketi a mapiritsi, dzina la achimwene lili pamwamba.

"Pepani, sisi," anatero m'Chichewa chawo chothyokathyoka. "Anatiletsa."

Ndinafunsa chifukwa chake anabisira ine, mlongo wawo wa bere limodzi, amene ndinkadya nawo madzulo alionse. Awiriwo anayang'anana. Anayankha ndi Pilirani.

"Anati azakhali ako akangomva, andikweza basi ya ku Ntcheu ndili wamoyo."

Ndikanawakwezadi. Ndikanawalongedzera ndekha chikwama, ndikanaimbira amalume, ndikanalira mpaka atagonja.

Alamu anabwerera kuchipinda. Ndinatenga mbale ija pamiyendo pa Pilirani, ndinaitenthetsa, ndinamubwezera, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anayamba kudya. Kenako ndinatuluka kupita kukanyumba kanga. Mvula inali itakata. Ndinakhala pabedi osayatsa nyali, ndikukumbukira madzulo onse a miyezi imeneyo, achimwene akundipatsira ndiwo, akundifunsa za mabwana anga, akuseka. Tsiku lonse ndinalondalonda nkhope za amoyo kufuna wondinamiza, pamene amene anandibisira mwaluso kuposa onse ndinali nditamuponyera dothi ndi dzanja langa.