Tsiku Lomwe Tinakankha Mjeremani wa Abambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kudzukako ndikungonena, pa siwa munthu sagona. Ndinangotsamira khoma pakati pa amayi akumpingo, tulo n'kundiba pang'ono nyimbo zitaduka. Chinandidzidzimutsa ndi bata. Chibadwire changa, pakhomo pathu ku Mlonyeni m'bandakucha sunkakhala wa zii. Abambo ankadzuka kukadali kamdima, kulowa m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba, n'kuliza galimoto yawo kwa kanthawi kuti injini isagone. Mudzi wonse unkadzukira phokoso limenelo. M'mawa umenewo ndinatchera khutu mwachizolowezi, kenako ndinaona bokosi lawo pakati pa chipinda, kandulo ikuthera pambali pake.

Galimotoyo ndi yakalekale, ya ku Jeremani, yofiira, yaifupi ngati yagwada. Ili ndi zitseko ziwiri, mipando iwiri basi, chiwongolero kumanzere, injini kumbuyo. Anaipangira liwiro, osati katundu. Thumba limodzi la chimanga silingalowemo. Anthu anangoitcha Mjeremani. Abambo ali mnyamata ankakonza magalimoto pa esiteti ina kutsidya kwa malire, ku Zambia. Mwini esitetiyo pobwerera kwawo anawauza kuti asankhe chimodzi, lole kapena kagalimoto kofiirako. Munthu aliyense wamutu akanatenga lole, yonyamulira fodya kupita naye ku Lilongwe. Abambo anabwera ndi Mjeremani, akumwetulira ngati atola mwezi.

Amayi sanawakhululukire. Nthawi imeneyo denga linali la udzu ndipo linkadontha, ine ndili kumsana. Analumbira kuti phazi lawo silidzapondamo, ndipo amayi anga akalumbira alumbira. Ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Abambo nawo anali ndi khambi lawo: ananena kuti mpando wachiwiriwo ndi wa amayi, ndipo palibe wina adzakhalepo. Abusa anapemphapo kuti awaperekeze pa Boma, anawakaniza mwaulemu. Ngakhale pondiphunzitsa ine kuyendetsa, pabwalo la mpira la pasukulu, sanakhalepo. Ankathamanga m'mbali mwa galimoto, dzanja pazenera, akukuwa kuti ndisiye kilatchi pang'onopang'ono, ana asukulu akufa ndi phwete.

Kutatsala masiku atatu kuti atisiye, ndili nawo ndekha m'chipatala pa Boma, anandikoka dzanja.

"Mjeremani akanditsogolere kumanda, akulira. Wamva?"

Ndinavomera. Munthu ungakane bwanji? Koma amayi sindinawauze, ndipo kufikira m'mawa wa tsiku loika maliro ndinali ndisanauze munthu aliyense. Mawuwo ankandilemera pachifuwa kuposa chisoni chenichenicho.

Kunja kunali kutawaza mvula, yoyamba ya chaka, ndipo dothi linkanunkhira. Amuna omwe anachezera panja anali atadzikundika pamoto, mabulangete kumutu. Kuseri amayi a m'mudzi anali atayamba kale kusonkha moto m'mafuwa, nkhuni zonyowa zikufuka utsi woluma m'maso, atsikana akubwera ndi zidebe kuchokera ku mjigo. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu awo. Pamsewu anali atayala masamba uku ndi uku, ndipo kutangoyera anthu anayamba kufika. Apanjinga ochokera ku Mkanda ndi midzi yozungulira akafika pamasambapo ankatsika, kuvula chipewa, n'kumakankha njinga mpaka pakhomo. Minibasi inatsitsa abale a ku Lilongwe. Kunabwera amakaniko a pa Boma atavala maovolosi ochapa, ena mwa iwo imvi mbuu, koma onse anaphunzira sipanala m'manja mwa abambo. Kunabwera bambo wachisilamu wa sitolo yemwe ankawasungira oyilo wa mtundu umene ankaufuna. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, misozi ikutsikira m'ndevu. Ena anachokera kutsidya kwa malire, chinyanja chawo chikumveka patali.

Ine ndinazemba n'kulowa m'chigafa. Ndinachotsa lona pagalimoto. Fumbi la masabata atatu linali litakhala pa iyo, chinthu chomwe abambo sakanachilola ngakhale tsiku limodzi. Kansalu kawo kofewa kanali pamsomali pomwe anakasiya. Ndinayamba kupukuta monga ankachitira, kuyambira panyali zozungulira zija, kutsika ndi msana wake wopindika mpaka kumbuyo. Ankati galimoto imeneyi anthu anaipanga ndi mtima, kuti palibe chitsulo chilichonse chinaikidwapo mongokometsera. Ndili mwana ndinkangoti ndi zonena za akulu, koma m'mawa umenewo ndinamvetsa. Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kuchipatala.

Msuweni wanga wina, munthu wodziwa zonse, anandipeza ndikupukuta. Anathamanga kukatenga chidebe cha madzi, ati athire mu injini. Anatsegula kutsogolo, n'kupeza dzenje lopanda kanthu, tayala limodzi lokha. Anatuluka akufuula kuti akuba aba injini ya malemu. Amakaniko aja anaseka mpaka kugwira m'mimba, pamaliro pomwepo, chifukwa imeneyi inali nthabwala ya abambo kwa mlendo aliyense. Mmodzi anamufotokozera kuti injini ili kumbuyo, komanso siimwa madzi, imazizira ndi mphepo. Koma phokoso lakelo ndi lomwe linaulula nkhani yanga, chifukwa abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anabwera kudzafunsa chomwe ndinkachita ndi galimoto tsiku ngati limenelo.

Ndinawauza mawu a abambo aja. Anakaitana mkulu wa mpingo, ndipo tinaima atatu kuseri kwa chigafa. Onse anakana. Anati maliro si chionetsero, phokosolo likwirira nyimbo za kwaya, anthu akanena kuti banja lino lanyoza maliro a bambo wawo. Anati munthu wodwala amanena zambiri. Apa magazi anandiwira. Ine pakamwa panga sipachedwa, amandidziwa. Ndinawafunsa abambo aang'onowo kuti iwo anali kuti pomwe munthu wodwalayo ankanena zambirizo, popeza kuchipatala anangobwerako kamodzi, n'kuima pakhomo ngati odzawerenga mita ya madzi. Mawuwo anali oipa, ndipo ndinadzawapepesa pambuyo pake, koma pa nthawiyo sindinawabweze.

Anatilanditsa ndi mkulu wa adzukulu, nkhalamba yowonda yomwe inabwera kudzanena kuti manda atha. Anamvetsera, matope ali m'miyendo, kenako anati nkhaniyo ndi yaing'ono. Njinga pamaliro sitiisiya kunyumba, timatsika n'kuikankha. Nayonso galimotoyo itsogole, koma yozimitsa, amuna aikankhe. Akulu aja anagwedeza mitu kuvomera. Ine ndinavomera pakamwa pokha. Abambo sanati ingotsogola, anati ikulira, ndipo ndinkadziwa kuti lonjezo langa ndalidula pakati.

Ndinalowa m'nyumba, kugwada pafupi ndi amayi, n'kuwanong'oneza zomwe zagwirizanidwa. Za kulirako sindinatchule. Anali atakhala pamphasa kumutu kwa bokosi, duku lakuda kumutu, maso ouma. Chimwalirire cha abambo anali asanagwetse msozi pamaso pa anthu, ndipo amayi ena anali atayamba kunong'onezana. Sanandiyang'ane n'komwe.

Mwambo unayenda monga umayendera. Anatulutsa bokosi, anthu anaona nkhope, oyankhula anayankhula, ena motalikitsa. Abusa analalikira dzuwa litatuluka m'mitambo, nthunzi ikukwera kuchokera m'dothi. Itakwana nthawi yonyamuka, amakaniko anakankha Mjeremani kumutulutsa m'chigafa mpaka kutsogolo kwa anthu, ine ndili pachiwongolero. Khamu lonse linatembenuka. Onyamula bokosi anaima kumbuyo kwanga, kwaya kumbuyo kwawo.

Pamenepo amayi anga anatuluka, amayi ena awiri atawagwira m'mikono. Malo awo anali kumbuyo kwa bokosi. Koma anapitirira bokosilo, akuwakoka owagwirawo, n'kudzaima pachitseko cha kumanja kwa galimoto. Anagwira chogwirira, osadziwa kuti chimatsegulidwa bwanji. Ndinatambasula dzanja n'kuwatsegulira m'kati. Mpandowo ndi wotsika kwambiri, ndipo anachita kuwathandiza kupinda mawondo. Chikopa cha mpando wanga n'chong'aluka ndi zaka, koma chawo chinali chosalala ngati chabwera dzulo.

Tinanyamuka. Amuna asanu ndi mmodzi ankakankha, akusinthana monga ankasinthirana onyamula bokosi. Kunkangomveka matayala akuphwanya matope ndi nyimbo kumbuyo. Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'mphepete mwa munda wa anthu ena, ndipo mizere inali itaungidwa kale kudikira mbewu. Ndinkaopa kuti galimoto yotsika chonchi ikakamira pamenepo. Titafika ndinapeza adzukulu atasalaza mizere itatu ndi makasu, mwini munda ataima pambali, khasu lakenso lili m'manja. Mmodzi wa adzukuluwo anaponya nthabwala kuti malemu anawakaniza kukwera moyo wawo wonse, lero awalola kukankha. Anthu anaseka pang'ono.

Amayi sanaseke. Ankasisita chikopa cha mpando ndi chikhatho, pang'onopang'ono. Patapita nthawi anati m'galimotomo mukununkha malaya a abambo. Zinali zoona: oyilo, chikopa, ndi sopo wawo uja.

Kuyandikira kumanda njira imatsetsereka kulowera kudambo. Okankha anayamba kupepukidwa, ine phazi lili pa buleki kuti tisasiye bokosi patali. Mitengo ya kumanda inali ikuoneka. Ndinadziwa kuti tikangofika pamenepo mwayi watha, ndipo ndidzakhala ndi bodza limeneli mpaka nanenso adzandinyamule. Amayi anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Abambo ako anati chiyani kwenikweni?"

"Anati iwatsogolere ikulira, amayi."

"Ndiye ukudikira yani? Mwamuna ndi wanga. Ilize."

Ndinagwira kiyi. Galimoto inali itagona masabata atatu, ndipo m'mawa sindikanaiyesa pa siwa. Ndinatembenuza kiyi, batire inangoti kwee, n'kusiya. Ndinalowetsa giya yachiwiri, kusiya buleki, n'kunyamula phazi pa kilatchi pang'onopang'ono, monga ankandikuwira pabwalo la mpira paja. Inatsokomola kamodzi, zii. Inatsokomolanso, zii. Ndinamva ndikunena kuti chonde abambo, ndithandizeni. Kachitatu inagwira. Inabangula kumbuyo kwathu ndi mawu ake aja okhuthala, omwe mudzi wonse unkawadziwa kuposa belu la tchalitchi. Awiri mwa okankha anagwa chafufumimba m'matope.

Kwaya inaduka pakati pa ndime. Ndinayang'ana pagalasi ndikuyembekeza kuona mkulu wa mpingo akuthamangira kudzandiletsa. Palibe anasuntha. Amakaniko anali atavula zipewa. Onyamula bokosi anaima kanthawi, kenako anayambanso kuyenda, ndipo kwaya inatola nyimbo pomwe inaisiya, mokweza kuposa kale. Pambali panga amayi anagwira nkhope ndi manja onse awiri n'kulira. Analira mokuwa, akuwaitana abambo ndi dzina la mfunda wawo, lomwe ndinali ndisanawamvepo akulitchula. Ankabwereza kuti abambo anawapempha kangati kuti akwere, kungofika pa Boma n'kubwerera, iwo n'kumakana. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, maso osaona bwino, mpaka pamtengo woyamba wa kumanda, pomwe ndinazimitsa injini.

Zotsalazo zinachitika mwachangu, kapena ndine amene sindinaziwerengere. Anatsitsa bokosi, abusa anapemphera, adzukulu anakwirira, tinaika nkhata. Dothi linali lofiira ndi lolemera chifukwa cha mvula. Pobwerera amayi anayenda pansi pakati pa amayi anzawo monga mwa mwambo. Ine ndinabweza Mjeremani ndekha. Abambo aang'ono anandipeza ndikumufunditsa lona. Anangogwira mbali ina ya lonayo n'kundithandiza kukoka.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Minibasi inapita, njinga zinapita, masamba anawachotsa pamsewu. Pabwalo panatsala phulusa, njerwa zakuda ndi udzu wopondedwa. M'nyumba munatsala azakhali awiri atagona pamphasa ndi kutopa, ndi mpando wa abambo womwe aliyense ankaulambalala. Dzuwa likulowa ndinasowa amayi. Ndinawapeza m'chigafa, atakweza lona mbali imodzi, kansalu ka abambo kali m'manja, akuchotsa matope pachitseko cha kumanja.

Ndinaima pakhomo. Anandifunsa kuti ndibwerera liti ku Mkanda, kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Ndinati sabata ikatha. Anapitiriza kupukuta. Kenako anati lole ija bwenzi itawola kalekale. Anapinda kansalu kaja bwinobwino n'kukakoleka pamsomali pake.

"Mawa m'mawa undidzutse," anatero. "Usanapite undionetse potembenuza kiyi. Sindingathe kudzuka kuli zii chonchi."