A Lawson a Kabaza ndi Mauthenga a Makolo Anga

Khoti litathetsa banja la makolo anga, linagamula kuti ndizikhala ndi amayi ku Lifuwu, koma Loweruka ndi Lamlungu ndizikakhala kwa abambo ku Senga Bay. Woweruza anawachenjeza kuti akadzangomva zoti akutukwanizanabe, maulendowo adzawachepetsa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo abambo anga ndinkawakonda kwambiri.

Awiriwo sankafuna kuonana ngakhale pang'ono, choncho wondinyamula anali a Lawson, bambo wa kabaza, wamtali, woonda ngati bango. Belu la njinga yawo linkalira likafuna lokha. Pamchenga ankatsika n'kumakankha, ine ndili phee pakatsamiro, iwo akuimba nyimbo za kwaya ndi mawu oipa zedi. Ndimawasowa mawu amenewo.

Nthawi imeneyo amayi analibe foni, ndiye mauthenga ankayenda nafe.

"Mukamuuze chidakwa ameneyo asamamudyetse usipa woola mwana wanga," ankatero amayi.

Tikafika ku Senga Bay, a Lawson ankavula chipewa. "Akupereka moni, achimwene. Akuti usipa uja mwana anaukonda."

"Ulemu umenewo auyamba liti?" abambo ankafunsa. "Mukawauze asandipusitse."

Ku Lifuwu uthengawo unkafika utasamba: "Akuti zikomo, mwana mukumulera bwino."

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake ankanama, pomwe anali a mpingo.

"Iwe Nancy, njingayi ndi yokalamba," anandiyankha. "Katundu wolemera ndimatsitsa panjira."

Tinayenda motero zaka zisanu, ine osaulula. Pang'ono ndi pang'ono amayi anayamba kumanga kathumba ka mpunga koti kapite ku Senga Bay, abambo n'kumabweza chambo chowamba. Aliyense ankayesa kuti mnzakeyo ndiye wayamba kugonja.

Kenako amayi anagula foni, ndipo anaimbira abambo kuti awathokoze okha. Zinayamba bwino mpaka amayi ananena kuti, "Paja munapepesa." Abambo anafunsa kuti anapepesa liti, ndiponso kwa yani. Basi, zonse zimene a Lawson ankatsitsa panjira zinafika tsiku limodzi. Pasanathe miyezi iwiri, woweruza anali akuwerenga yekha matukwano a pafoni, ndipo anagamula kuti ndizipita kwa abambo pa tchuthi cha Disembala chokha.

Lamlungu lomaliza abambo anandikweza okha panjinga. Anaima nthawi yaitali atagwira chishalo.

"Mukawauze kuti mwanayu ndizimusowa," anatero.

Njira yonse a Lawson sanaimbe. Titafika, amayi anatuluka nkhope itachita tsinya.

"Wati chiyani? Ndipo musandinamizenso."

A Lawson anavula chipewa n'kunena mawuwo monga momwe anawalandirira, osachotsa kapena kuwonjezera.

"Mwayambiranso bodza lanu lija," anatero amayi, n'kundikokera m'nyumba.