Ayisingi wa Manachesi

M'kabati mwanga muli chivundikiro cha chitini chobooledwa ndi msomali. Chinachita dzimbiri kalekale ndipo sindichigwiritsanso ntchito, koma ndikamasamuka chimasamuka nane. Anachiboola ndi amalume, atakhala pakhonde la kwathu ku Kanduku, chaka chimene ndinali mu Fomu 1, kuti ndizipalira makoko a manachesi.

Inali nyengo yozizira. Mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba inabereka mpaka tinkachirikiza nthambi ndi mphanda. Ogwa okha ankaolera pansi, mbuzi zinatopa nawo, ndipo mwana aliyense kusukulu ankanunkhira makoko m'manja. Abambo anali asanaponde pakhomo chiyambire nthawi yobzala. Ankayendetsa thiraki pamsewu wa ku Tete, ndipo kale akamadutsa pa boda ankapatuka n'kudzagona kunyumba. Kenako anayamba kungoimba foni kuti adutsa. Kenako foniyo inasiya kulira.

Tsiku lina amalume, amene anali nkhoswe ya amayi, anabwera ndi uthenga wakuti abambo adzafika Loweruka lomaliza la mwezi pamodzi ndi akulu awo. Lero ndikudziwa tanthauzo lake mwamuna akabwera kwa mkazi wake ataperekezedwa ndi nkhoswe: ankabwera kudzakamba ngati banja lipitirire kapena lithe. Panthawiyo ine ndinangomva zakuti abambo akubwera, ndipo ndinaganiza kuti munthu akapeza chinthu chokoma kwambiri pakhomo pake, sachokanso.

Chokomacho ndinali nditachiona kale kusukulu. Aphunzitsi a zophikaphika anationetsa kupaka keke ayisingi, phala lotsekemera lija limauma pamwamba n'kumawala. Iwo anabwera ndi shuga wosalala ngati ufa, wogula ku Blantyre, n'kudonthezeramo madzi ofiira a m'kabotolo onunkhira sitiroberi. Nditafunsa ngati manachesi angalowe m'malo mwa kabotoloko, anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Chipatso chilichonse chimatheka, bola usafulumire ndi madzi ake." Mawuwo ndinawalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku, momwe ndinkalembamo chilichonse, ngakhale ndiwo zimene tadya.

Keke yokhayo sinali vuto. Amayi ankaiphika bwino pa mbaula: mchenga m'poto wamkulu, chitini cha keke pamwamba pa mchengawo, makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Ayisingi ndiye anali ntchito yanga. Nditawauza maganizo anga onse, amayi anandiyang'ana. Sanandiseke ndipo sananditsutse. Anangoti, "Shuga wake usinja wekha."

Ndinayamba kuyeserera pa timabisiketi ta m'golosale, chifukwa fulawa sanali woseweretsa. Poyamba ndinachita ulesi: ndinasakaniza shuga wamba, majarini ndi madzi a nachesi, n'kupaka. Amalume, amene masiku amenewo ankabwera pafupipafupi kudzalankhula ndi amayi kuseri kwa nkhokwe, ndiwo anali wolawa wanga. Anatafuna, mano akuchita phokoso, n'kunena kuti, "Mwanawe, pulasitala wakoyu mchenga wachuluka, simenti yachepa."

Kachiwiri ndinasinja shugayo mumtondo wa pakhomo. Ndinautsuka, koma mtondo umene wasinja mtedza zaka zonse suiwala. Ayisingi anatuluka wosalala ndithu, akununkha nsinjiro. Amalume anati ameneyo ngwabwino, wangosowa nkhwani. Ndinalira, ndipo iwo anaseka mpaka kutsokomola, koma m'mawa mwake anabwera atamangirira kamtondo katsopano pa njinga. "Aka n'ka shuga basi," anauza amayi. "Wosinjiramo tsabola adzaonana ndi ine." Ndi tsiku lomwelo limene anaboola chivundikiro chija.

Kuyambira pamenepo ndinkaphunzira chinthu chimodzi tsiku lililonse ndikaweruka. Kukachita chiperoni shuga amanyowa yekha n'kumata kumunsi, choncho ndinkayamba ndamuwamba m'mbale pafupi ndi moto. Sefa wa ufa ankadutsitsa timibulu, ndiye amayi anandibwereka duku lawo lopyapyala. Ndinkalimanga pakamwa pa poto n'kumasisita shuga ndi msana wa supuni mpaka pansi patagwa fumbi loyera lokhalokha. Mkono unkawawa mpaka m'phewa. Madzi a nachesi, monga ananenera aphunzitsi, sankafuna changu: dontho limodzi lowonjezera, ayisingi yense ankayenderera ngati thobwa. Ndinapezanso ndekha kuti fungo la nachesi silikhala m'madzi ake koma m'khoko. Ukapala pamwamba penipeni pokha, timadontho ta mafuta timathovukira m'maso ndipo khitchini yonse imanunkhira. Ukalowetsa mpaka poyera paja, zonse zimawawa. Mpaka lero, ndikamaphikira anthu makeke a maukwati, ndimayesa ayisingi monga ndinkachitira pakhonde lija: ndimakweza supuni, ndipo mzere umene wagwawo ukhale kaye pamwamba usanamire.

Amayi nawo anali pa ntchito yawo. Anazira nyumba, anachapa makatani, anatulutsa zovala zonse za abambo n'kuzichapa, kuzisita, kuzipinda. Sanazibwezere pa chingwe cha kuchipinda. Anazilongedza m'chikwama chachikulu. Ine ndinaona ngati akuziteteza ku fumbi. Ndimadabwa lero kuti mtsikana amene ankakhoza mayeso aliwonse analephera kuwerenga chikwama chimenecho, koma mwana amaona zimene akufuna.

Loweruka lija dzuwa linatuluka. Keke inapsa bwino, yofiirira mbali zonse. Ndinafuna kuipaka nthawi yomweyo, koma amayi anandigwira dzanja. "Idikire izizire. Ukapaka yotentha, ntchito yako yonse itsikira m'mbale." Ndinadikira nditakhala pambali pake ngati mlonda. Itazizira ndinapaka ndi mpeni woviika m'madzi otentha, pang'onopang'ono, kuyambira pakati. Ayisingi anali wachikasu pang'ono, timakoko tikuoneka mkati ngati timadontho. Anagwira. Ndinagogoda ndi chikhadabo, pamwamba panali polimba.

Abambo anafika masana ndi akulu awo, wapansi kuchokera pa msewu, opanda thiraki. Anali atanenepa. Anandigwira m'mutu n'kunena kuti ndakula, ndipo ndisanawauze za keke, amalume anati ndikakhale kukhitchini, ndiyang'anire kuti nyerere zisalowe m'chinthu changa chija. Ndinaika mbale ya keke pakati pa beseni la madzi n'kukhala pamenepo. Akuluakulu anakhala pa mipando pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa. Mawu ankamveka otsika, osamveka bwino. Chimene ndinazindikira n'chakuti amalume sanaseke ngakhale kamodzi, ndipo amene ankalankhula kwambiri anali akulu awo a abambo, abambowo akujambula pansi ndi kamtengo.

Dzuwa litapendeka amayi anandiitana kuti ndibweretse tiyi. Ndinagwada, n'kutula keke pakatebulo pamaso pa abambo. Mpeni utalowa, ayisingi anang'aluka ndi kaphokoso kakang'ono, fungo la nachesi n'kukwera.

"Wapanga ndiwe, mama?" anafunsa abambo.

"Eya. Ndi manachesi a pakhomo pano."

Anadya chidutswa chonse, natola ndi chala tinyenyeswa ta ayisingi m'mbale, natenganso china. Akulu awo anayamikira kuti ngakhale ku Blantyre sanadyepo yotere. Amalume, amene analawa zolakwika zanga zonse, anakana. Anati dzino likuwawa. Amayi anagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri osamwa.

Kenako abambo, akuyang'ana pansi, anafunsa ngati angatengeko kachidutswa kena. Sanafunse ine. Anafunsa amayi. Amalume anatsegula pakamwa, koma amayi anawatsogolera. "Adulire chachikulu," anandiuza, "chapakati, pomwe ayisingi wakhuthala. Usakulunge m'pepala, amata. Tenga kontena yanga ya chivundikiro ija. Akaone kumeneko." Ndinathamanga. Ndinadula mosamala, ndinaika chidutswacho choimirira kuti pamwamba pasakhudze chivundikiro, ndipo ndinawalangiza abambo kuti asachiike padzuwa m'njira.

Ananyamuka kusanade. Chikwama chachikulu chija ananyamula ndi akulu awo paphewa. Abambo ananyamula kontena ndi manja awiri, monga ndinawauzira. Anati azidutsa. Amalume anawaperekeza mpaka pa mpanda pokha n'kubwerera, ndipo anakhala pakhonde nadya keke yotsala yonse, dzino lija litaiwalika.

Patapita zaka ndinamva kuti kutsidya kwa boda, ku Zobue, kunali mayi wina ndi kamtsikana kamene nthawi imeneyo kanali katangoyamba kuyenda. Kontena ija inapita kumeneko, ndipo amayi ankadziwa. Sindinawafunsepo ngati anatumiza chidutswa chachikulucho chifukwa cha chifundo pa mwana wosalakwa, kapena kuti mayi winayo alawe zimene zimaphikidwa panyumba imene mwamunayo anaisiya. Mwina zonse ziwiri.

Madzulo a tsikulo ine ndinatsuka kamtondo ndi duku la amayi, n'kulemba m'buku langa kuti ayisingi wagwira, abambo adya kawiri, ndipo atenganso china cha paulendo. Ndinawonjezera kuti ulendo wina ndidzayesa wa mandimu, ndipo ndinapita kukafunsa amayi ngati abambo amakonda mandimu. Ndinawapeza kuchipinda akumasula chingwe chimene pankakhala zovala za abambo. Anati amakonda. Ndinasangalala, ndipo ndinawagwirira mbali ina ya chingwecho kuti achikulunge bwino.