Ndinalonjeza Kuwatsitsa M'dothi

Ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, dera lina la mu London, pamene anatibweretsera bambo wina wa ku Malawi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Anabwera nawo ndi ana awo awiri, wamkazi ndi mlongo wake, onse obadwira konkuno. Anawo Chichewa ankachimvera patali, kuyankha ndi Chingerezi chokhachokha. Tsono matenda oiwala anali atawalanda bambowo Chingerezi chonse, n'kuwasiyira Chichewa cha ku Dedza cha ubwana wawo. Pa antchito tonse Mmalawi ndinali ndekha, ndiye manejala sanachedwe. Anangoti awa ndi ako.

M'mawa woyamba ndinawapititsira phala. Sanaliyang'ane n'komwe. Anandigwira pamkono, mphamvu ngati si munthu wodwala, n'kufunsa kuti, "Zombo zija zabwerera?"

Sindinadziwe kuti akunena zombo ziti. Mwana wawo wamkazi ndiye anandimasulira. Bambo ake anabwera ku London kudzaphunzira mu 1962, ndale za kwathu zitavunda sanabwererenso. Tsopano mutu wawo unakakamira pa masiku a mu Okutobala chaka chimenecho, pamene America ndi Russia anatsala pang'ono kuotcha dziko. Ine kwathu ndinali mphunzitsi wa pulayimale, koma ndisaname, nkhaniyi ndinkaidziwa mwa apo ndi apo. Ndinachita kuiwerenga pa foni ndili m'basi. Russia anakaika mabomba a nyukiliya ku Cuba, pakhomo penipeni pa America. America anazinga chilumbacho ndi zombo zankhondo, kuti chombo chonyamula zida chisadutse. Kwa masiku khumi ndi atatu anthu ankadzuka osadziwa ngati aona mawa, ndipo a ku London ankadziwa kuti moto ukayaka iwo sautalikira.

Ndiye tsiku lotsatira ndinalowa ndi yankho. "Zabwerera, bambo. Lamulungu wailesi ya ku Moscow yalengeza kuti akupasula mabomba aja, abwerera nawo kwawo."

"Amvana?"

"Kumvana ayi, angoopana. America walonjeza kuti sakalowa ku Cuba, ndiponso mwakachetechete achotsa mabomba ake ku Turkey."

"Nkhoswe anali ndani?"

"Panalibe nkhoswe yeniyeni, bambo. Amangolemberana makalata."

Anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono, nati anthu akuluakulu amenewa analeredwa kuti. Kenako anadya phala lonse. Mawa lake ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pawindo, funso ndi lomwe lija. Zaka ziwiri ndinakhala ndikuithetsa nkhondo imeneyi m'mawa uliwonse, masiku asanu pa sabata. Masiku amene ndinali pa ofu sinkatha, ndipo chakudya chinkabwerera kukhitchini osachikhudza.

Chimene chinkawasautsa si imfa. Anandiuza okha tsiku lina ndikuwameta ndevu. "Kufa n'kwa tonse, mwanawe. Koma tikapsa tonse tsiku limodzi, adzukulu adzachokera kuti? Tiwauka ngati mbewa pa lupsa, popanda wotsala woti agwire khasu." Kwathu munthu sakumba manda a m'bale wake. Ntchito imeneyo ndi ya adzukulu, anthu a banja lina, amene amasambitsa mtembo, kukumba, ndi kuutsitsa. Bambowa analoweza mabuku a azungu, anakhala moyo wonse pakati pa njerwa za London, koma pansi pa mtima panatsala mantha amodzi okha, oti adzasanduka phulusa wopanda manda.

Nkhondo ya ku Ukraine itayamba zinthu zinaipiratu. TV ya m'chipinda chochezera inkangoonetsa mizinga itakwezedwa pa magalimoto, atsogoleri akuopsezana ndi nyukiliya ngati ana olimbirana mpira. Bambo aja Chingerezi sankachimvanso, koma zithunzi ankaziona. Ndinapempha mnzanga wa pantchito katatu kuti asinthe tchanelo, iye n'kumati anthu ena amakonda nkhani. Kachinayi ndinangozula waya kukhoma. Anandiitanira ku ofesi, ndinasaina pepala la chenjezo, ndipo mpaka lero sindinapepese. Chinkandiwawa n'chakuti ine ndemwe sindinkakhulupiriranso zimene ndinkawauza m'mawa. Zombo zinabwereradi, koma mabomba sanapite kulikonse, angokhala m'maenje mwawo kudikira wamisala wina.

Sabata imeneyo ndi imene anandifunsa kuti, "Iwe, kodi ndiwe m'bale wanga?"

"Ayi bambo, ine kwathu ndi ku Ntcheu."

"Ndiye wakwana. Ukhale mdzukulu wanga. Udzandisambitse, udzanditsitse m'dothi ndi manja akowa. Kaya kuno kaya kwathu, dothi ndi dothi. Asadzandiotche."

Ndinati ndamva, bambo. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Tsiku limenelo maso awo anali a munthu wodziwa chimene akunena.

Patapita miyezi ingapo manejala anaitana mwana wamkazi uja kuti adzadzaze fomu yolembapo zimene munthu akufuna zidzachitike akadzamwalira. Kuno n'zachizolowezi, amafunsa ngati akufunsa za tiyi. Anandiitana kuti nditanthauzire. Tinakhala anayi m'chipinda cha bambowo, manejala ndi cholembera m'manja, nati ndiwafunse bambo ngati akufuna kudzaikidwa m'manda kapena kudzaotchedwa.

Kwathu munthu akupuma, wakhala pomwepo wavala juzi yake, sungamutchulire manda ake. Amati ukumuitanira imfa, mwinanso ndiwe mfiti yodikira nyama. Tsono ine, munthu wapadera, ndinene zimenezo pamaso pa mwana wake? Ndinawerama n'kufunsa kuti, "Bambo, akuti pali chimene mukufuna?" Iwo anandiyang'ana n'kufunsa za zombo. Ndinatembenuka n'kuuza manejala kuti akunena za Cuba. Mwana wawo anaseka mwachisoni, manejala analemba kuti sangathe kufotokoza zofuna zawo, fomu inalowa mufayilo.

Yankho ndinali nalo m'kamwa, la mawu awo enieni. Ndinadziuza kuti nthawi yake idzakwana. Pa maliro anthu amasonkhana, akuluakulu amakhala pansi, ndipo amene anasiyiridwa mawu amaimirira n'kuwatula. Ndi mmene ndinakulira. Zaka khumi ndi zisanu ndili m'dziko lino, koma uchitsiru wanga unkaganizabe kuti padzakhala mkeka woti tidzakhalepo.

Chibayo chinawagwira ndili pa ofu. Anapita nawo kuchipatala, ndipo patatha masiku anayi anamwalirira komweko. Ndinalira m'chipinda chochapira zovala, kenako ndinayamba kudikira uthenga woti anthu akukhuza kuti. Kuno mtembo umatha masabata usanaikidwe, ndiye sindinaone chothamangira. Nambala ya mwana wawo inali mufayilo, koma ndinaona ngati n'kupanda ulemu kuti wantchito aziimbira anamfedwa.

Mwanayo anabwera yekha patatha masabata awiri, ndi matumba akuda, kudzatenga zovala. Ndinamupeza akupinda juzi ija. Ndinagwira m'manja mwaulemu, ndinati pepani mayi ndi zovutazi, kodi mwambo uliko liti, poti pali mawu amene bambo anandisiyira.

Anandiyankha m'Chingerezi, mofatsa. Anati mwambo kulibe. Bambo awo anasiya kale tchalitchi, kwawo sankakutchula, anzawo onse anatha, ndiye iye ndi mlongo wake anasankha zosavutitsa anthu. Anawaotcha Lachinayi m'mawa, popanda wopitako. Phulusa lili m'kabokosi kunyumba kwake ku Romford.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula zimene wantchito sayenera kulankhula. Ndinati munthu amene uja zaka zonsezi ankaopa chinthu chimodzi chokha, America ndi Russia anamulekerera, inu ana ake ndi amene mwamuchita. Ndinamuuza za adzukulu, za dothi, za lonjezo langa, zonse.

Sanandikalipire. Anakhala pa bedi la bambo ake lopanda nsalu, juzi ili pamiyendo, misozi ikungotsika. Kenako anayesa Chichewa chake chothyokathyoka, koyamba chimudziwireni.

"Achimwene, tinakufunsani. Munali pompano."

Ndinayang'ana mpando umene ndinakhalapo tsiku la fomu lija. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za mwambo wa kwathu, koma ndinaona kuti palibe mwambo umene ungamubwezere bambo ake m'dothi. Ndinanyamula matumba awiri, n'kumuperekeza ku galimoto.