Tsiku Limene Matipate Anakhala Pansi

Abale anga, sabata ino ndikulemba uku ndikumwetulira ndekha. Galu wanga wakhala pansi. Sikuti watopa ayi, koma ine ndamuuza kuti akhale, iye n'kukhala.

Mukuseka? Sekani, koma imvani kaye mmene zinalili.

Matipate ndi kagalu kofiirira komwe anandipatsa dalaivala wina wa malole opita ku Chipata. Dzinalo anamutcha ndi anthu oyandikana nawo pa boma pano, ati chifukwa amachita zimene wafuna ndipo palibe womuletsa. Ine kwathu ndi ku Thyolo. Kuno ku Mchinji ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi, banja langa lidakali komweko. Ndikaweruka madzulo, wondichingamira pampanda ndi iyeyu basi. Sindibisa, galuyu ndimamukonda.

Vuto lake ndi moni. Matipate sadziwa moni wapansi, amalumphira munthu pachifuwa. Lachinayi la sabata yatha aNaphiri, eni ake a nyumba imene ndikukhalayi, anandidzera pochokera ku msonkhano wa amayi a kumpingo, atavala bulauzi yoyera mbee. Mvula inali itangokata kumene. Ndisanatsegule pakamwa, mapazi awiri a matope anali atadindidwa kale pabulauzipo.

Anayang'ana bulauzi, kenako n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, ana a eni mumawaphunzitsa, wanuyu wakukanikani? Lachinayi likubwerali amayi onse adzasonkhana pansi pa mtengo wa mango uwu. Akadzangodetsa mmodzi, musankhe nokha, galu kapena nyumba."

Aliyense amene anafunafunapo nyumba ya lendi pa boma pano akudziwa kuti mawu amenewo si ocheza.

Alangizi sanasowe. Mnzanga wina wogwira ntchito ku zaulimi anati, "Achimwene, mukutaya nthawi. Galu samva Chichewa. Agalu onse ophunzira amalamulidwa m'Chingerezi." Mkulu wina wokonza njinga kumsika anati, "Kamkwapulo basi, abwana. Galu amamvera pamsana." Ndinayesa zonse ziwiri. Chingerezi chija anangondiyang'ana atapendeketsa mutu. Mkwapulo ndiye unaonjeza moto, moti akangondiona ndikudzuka pampando ankathawira kuseri kwa bafa, ine n'kutsala ndi manyazi.

Nzeru inabwera Lamlungu masana, osaiitana. Ndinali pakhonde ndikudya mtedza wokazinga wochokera ku Mkanda, Matipate n'kubwera akununkhiza. Poopa kuti andilanda, ndinakweza dzanja pamwamba pa mphuno yake. Iye potsatira dzanjalo ndi maso, mutu unapita m'mbuyo, matako n'kufika pansi okha.

Ndinangoti, "Khala," ngakhale anali atakhala kale, n'kumupatsa kanjere kamodzi.

Ndinabwereza. Anakhalanso. Ndinabwerezanso, mtima ukugunda ngati ndapeza ndalama m'thumba la buluku lakale. Pamene mbale inkatha, ndinali nditadya mtedza wochepa kuposa iye, koma ndinavina ndekha pakhondepo, mphunzitsi wamkulu ndithu. Masiku otsatirawo tinkachita sukulu yathuyi m'mawa ndi madzulo, mwina ndi mtedza, mwina ndi kamutu ka usipa, mwina n'kungomusisita pakhosi ndi kumuuza kuti wachita bwino.

Lachinayi linafika. Ndinaganizapo zomumangirira kuseri, koma Matipate ndi zingwe sagwirizana, amazitafuna. Amayi aja atayamba kulowa pampanda, aNaphiri ali patsogolo, iye anatulukira ngati chipolopolo. Ndinakweza dzanja lopanda kanthu, n'kunena mwachifatse kuti, "Matipate, khala."

Anaterereka pang'ono, n'kukhala pansi patsogolo pa aNaphiri penipeni, mchira ukusesa dothi.

Mayi wina analiza nthungululu. ANaphiri anaika chikwama chawo pansi, n'kufunsa, "Kodi amamva Chichewa ameneyu?" Galuyo atadzuka, aNaphiri anayesa okha. Anakweza dzanja n'kunena kuti, "Khala, iwe." Anakhala. ANaphiri anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Msiyeni akhale, aphunzitsi. Koma tsiku lina mudzabwere naye kwathu, adzukulu anga adzaonereko."

Tsono pamene ndikusangalala apa, pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Galu wa pamudzi pathu amadziwa mawu angati? Amodzi okha: "Choka!" Amawamva kuyambira ali kamwana mpaka tsiku lomutaya kudzala. Akayandikira, choka. Akagona pakhomo, choka. Kenako ife tomwe timati agalu athu ndi opusa, anzeru ndi a azungu. Kodi tinawaphunzitsapo chiyani? Nyimbo imodzi sachezera gule.

Nanga ana athu? Masiku ano kulikonse, m'minibasi, kumaliro, kuchigayo, nyimbo ndi yomweyo: ufulu wabwerawu waononga ana, sakumvanso zonena akulu. Mwina n'zoona. Koma taganizani mawu amene mwana amamva kuchokera m'mawa. Chokapo apa. Usagwire. Khala chete. Akalakwa timamuona msanga, mkwapulo uli kale m'manja. Akatunga madzi osatumidwa, akasesa pabwalo, akabwera ndi kope lopanda cholakwa, timangodutsa ngati sitinaone. Ngakhale kusukulu, ife aphunzitsi timadziwa msanga mayina a ana aphokoso, ofatsa aja chaka chimatha tikuwaitana kuti "iwe".

Sindikunena kuti mwana ndi galu, musandigende. Ndikunena kuti ngati kagalu ka pamsewu wa ku Chipata kasintha chifukwa cha kanjere ka mtedza ndi mawu abwino, munthu angalephere bwanji?

Ine nyumba ndili nayo, galu ndili naye. Pamene ndikumaliza kulemba pano wakhala pafupi ndi phazi langa, osauzidwa, maso ali pa mbale.

Nanga inu, madzulo ano mukafika pakhomo, galu akakuthamangirani, mwana ali pambuyo pake, mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhala otani?